Azungu nawonso amakhwima?

Akonzi, ndiloleni ndiyambe ndi funso limene mwana wa Folomu 3 adandifunsa mu 2023. Funsolo lidali lalifupi, koma lidatukula nkhani imene ndidaikwirira kwa zaka zinayi.

Ndine mphunzitsi pa sekondale ina yoyendera kuno ku Malomo, m'boma la Ntchisi. Ndimaphunzitsa Chichewa ndi Chingerezi, ndipo popeza ndine wamng'ono pakati pa aphunzitsi anzanga, makiyi a laibulale adandisenzetsa ine. Laibulale yake ndi kachipinda kamodzi koyandikana ndi ofesi ya ahedi, momwe timasungamonso makasu ndi mipira. Chaka chimenecho tidalandira makatoni anayi a mabuku amene anthu akufuna kwabwino adasonkha kunja. Ambiri sadali okhudza silabasi yathu: ena onena za kaphikidwe ka zakudya zimene sitidazionepo, ena za kasamalidwe ka agalu ogona m'nyumba. Koma padali limodzi lachikuto cholimba, lodzaza ndi zithunzi za zilombo zoopsa, limene ana adayamba kulimbirana. Dzina lake Monster Manual.

Tsiku lina titaweruka, mnyamata wina amene amakonda kukhala kumbuyo koma mayeso amakhoza, adabwera nalo atatsegula tsamba lina. Padali chithunzi cha munthu wouma ngati nkhuni, khungu litamatirira kumafupa, atavala zovala zachifumu zothaitha, m'maenje a maso mukuyaka timoto.

"Sala," adatero, "ndawerenga apa kawiri. Kodi azungu nawonso amakhwima?"

Ndidaseka, koma kuseka kwake kudali kwa pakamwa pokha. Ndidabwereka bukulo n'kukaliwerenga kunyumba usiku womwewo pa nyali ya sola.

Ndiyambe ndafotokoza kuti bukuli ndi la chiyani, chifukwa nanenso poyamba sindinkadziwa. Si buku la chipembedzo, komanso si la sayansi. Ndi buku la masewero otchedwa Dungeons & Dragons, amene adatuluka ku America mu 1974, olemba ake Gary Gygax ndi Dave Arneson. Masewero ake safuna mpira kapena bwalo. Anthu anayi kapena asanu amakhala mozungulira tebulo, mmodzi n'kukhala wokamba nthano, monga ankachitira agogo athu madzulo pamoto. Kusiyana kwake n'kwakuti omvera sangovomera kuti tili tonse. Aliyense amasankha munthu wake m'nthanomo, wina msilikali, wina mbala, wina wamatsenga, ndipo amanena yekha zimene munthu wakeyo achite. Pofuna kudziwa ngati zimene wayesazo zatheka, amaponya madayisi, ena a mbali 6, ena mpaka mbali 20. Tsono buku lathuli ndi ndandanda wa adani amene wokamba nthano angawaike panjira ya osewerawo.

Mdani amene mnyamata uja adandionetsa amatchedwa lich. Mawuwa ndi a Chingerezi chakalekale ndipo amatanthauza mtembo. Chilombochi chidalowa m'masewerowa mu 1975 kudzera m'kabuku kowonjezera kotchedwa Greyhawk, ndipo mu 1979 mlembi wina, Len Lakofka, adalongosola m'magazini ya Dragon njira imene munthu amatsata kuti asanduke chinthu chimenechi. Buku limene tili nalo pasukulu pathu ndi la 2014, ndipo zimene limanena ndi izi.

Lich sabadwa, komanso salodzedwa ndi wina. Amadzipanga yekha. Poyamba amakhala munthu, katswiri wa matsenga amene wathera moyo wake wonse m'mabuku. Ataona kuti imvi zachuluka ndipo manda ayandikira, amakana kusiya nzeru ndi mphamvu zimene wasonkhanitsa. Amayamba kufunafuna chinsinsi chozembera imfa kwa ziwanda ndi milungu yoipa, ndipo izo sizipereka kanthu kwaulere: wofunayo amalumbira kuti adzazitumikira.

Akapeza chinsinsicho amapanga kanthu kosungiramo mzimu wake, kotchedwa phylactery. Mawu amenewa alinso m'Baibulo la Chingerezi pa Mateyu 23:5, pomwe akunena za timabokosi ta malemba tomwe Ayuda amavala popemphera. Olemba masewerowa adangowabwereka n'kuwapatsa ntchito ina. Ife tingati njirisi kapena chithumwa. Kawirikawiri kamakhala kabokosi kakang'ono kolembedwa zizindikiro zasiliva mkati. Kakatha kupangidwa, wamatsengayo amasakaniza chakumwa cha poizoni ndi magazi a munthu amene waphedwa, mzimu wa wophedwayo n'kuperekedwa nsembe kwa kabokosiko. Amamwa, n'kugwa, n'kufa. Koma mzimu wake supita kumene mizimu imapita. Umakodwa m'kabokosi muja, ndipo mtembo umadzuka uli ndi nzeru zake zonse.

Kuyambira pamenepo kumupha n'kutaya nthawi. Mukaphwanya thupi lake, pakadutsa tsiku limodzi mpaka masiku 10 thupi latsopano limamera pafupi ndi kabokosi kaja. Njira ndi imodzi basi: kupeza kabokosiko n'kukaononga. N'chifukwa chake amakabisa kutali, komwe munthu sangaganizire. Koma ngongole yake siithera pa tsiku la mwambo. Kabokosiko kamamva njala, ndipo nthawi ndi nthawi amayenera kukadyetsa mizimu ya anthu ena. Akazengereza, thupi limayamba kuyoyoka mpaka kutsala chigaza chokha. Ndipo zaka zikamapita amaiwala abale, chikondi chimamuthera, ngakhale dzina limene mayi ake adamupatsa amalitaya.

Nditafika pamenepa ndidatseka buku. Nkhani imeneyi ndidaimva kale, m'Chichewa, pakhonde la nyumba ya agogo anga.

Aliyense wokulira m'midzi ya Ntchisi, Dowa kapena Kasungu amawadziwa mawu akuti kukhwima. Timamva kuti ena amakhwimira chuma, ena ufumu, ena kuti asafe msanga. Timamvanso kuti mankhwala ake sagwira ntchito popanda chizimba, ndipo chizimba chake nthawi zambiri ndi moyo wa mbale wako. Wokhwimira imfa, amatero anthu, moyo wake amauchotsa m'thupi n'kuuika mu nsupa, mumphika wokwirira pansi, kapena m'phanga la mtengo. Akadwala safa. Thupi limaola iye akupuma, ndipo imfa ikamuyandikira amapereka mwana wa pamudzi kuti iye awonjezere masiku. Amadzapuma pokhapokha wina atapeza pomwe adabisa moyowo. Ikani nsupa m'malo mwa kabokosi kasiliva, muona kuti mnyamata wanga uja sadafunse zopusa.

Ine nkhani zimenezi ndinkazimva ngati za anthu akutali, mpaka zidafika pakhomo pathu.

Agogo anga aamuna, obereka mayi anga, adali mkamwini m'mudzi mwathu. Kwawo kudali ku Dowa, cha ku Mponela. Ali mnyamata adapita ku Joni kudzera ku Wenela, kukagwira ntchito m'migodi. Adabwerako ndi njinga, wailesi ndi makina osokera, n'kuyamba kulima fodya. Nyumba yoyamba ya malata m'mudzimo idali yawo, ngolo yoyamba idalinso yawo. Mowa sankamwa, ngongole sankapereka wamba, ndipo polankhula sankazungulira. Munthu wotere, ali mlendo pamudzi wa eni, sasowa omunong'oneza. Mu Epulo 1974 ndege ya Wenela idagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kumudzi, ngozi imene idachititsa Kamuzu kuletsa anthu kupitanso kumigodiko. M'mudzi mwathu mudali mphekesera yoti agogo ankayenera kukwera ndege imeneyo koma "adadziwiratu". Palibe adawafunsa pamaso. Agogo aakazi ali moyo, pakamwa pa anthu padali potseka, chifukwa mudzi udali wawo. Atamwalira mu 2016, mpanda udagwa.

Mu Ogasiti 2018 agogo adagwa ali kudimba. Tidawatengera kuchipatala pa ngolo yawo yomwe ija. Madokotala adati ndi sitiroko, yobwera chifukwa cha kuthamanga kwa magazi kumene agogo sadayezetsepo chibadwire. Patatha masabata awiri adatiuza kuti tikawasamalire kunyumba. Mbali ya kumanja idali itafa, pakamwa patapotoka, mawu akutuluka ngati a munthu amene ali ndi madzi m'kamwa. Mayi anga adasamukira m'nyumba mwawo. Ankawamwetsa phala ndi supuni, kuwasambitsa, kuwatembenuza usiku, kuchapa zofunda m'bandakucha anthu asanadzuke kuti agogo asachite manyazi. Ine ndinkapalasa njinga Loweruka lililonse kukawaona, nditanyamula sopo, shuga ndi mwana wanga wamkazi wa zaka zitatu, amene tidamutcha dzina la agogo aakazi. Akamuona, theka la nkhope limene lidatsala ndi moyo linkamwetulira.

Mwezi woyamba anthu ankabwera kudzazonda. Wachiwiri adachepa. Wachitatu, zilonda zitayamba m'chiuno ndi kumsana, fungo likumveka pakhomo, adayamba kudutsa chapatali. Ndi pamene ndidamva koyamba, pa chigayo, mayi wina akuuza mnzake kuti: "Munthu kuola ali moyo? Zija za ku Joni zija."

Mu Disembala mwana wa msuweni wanga adamwalira ndi malungo. Mu Januwale mnyamata wina wa pamudzi adagwa pa njinga yamoto ya kabaza n'kufera pomwepo. Anthu adayamba kuwerenga maliro ndi zala, maso ali kunyumba ya malata. Kenaka usiku wina mu Febuluwale agogo adasiya kupuma. Amayi amene adali m'nyumbamo adayamba kulira, uthenga n'kuthamangira kwa amfumu. Asanafike patali, agogo adakoka mpweya mwamphamvu n'kuyambanso kupuma. Kutacha, mudzi wonse unkanena mawu amodzi: abwerera.

Mlongo wawo wa agogo aakazi, amene ndiye mwini mbumba, adaitanitsa msonkhano wa banja pansi pa mtengo wa mango. Atalankhula ena onse adatembenukira kwa ine.

"Aphunzitsi," adatero, "sukulu tikuidziwa, koma izi si za sukulu. Akuluwa atimaliza. Inu ndi amene amakukondani, mukalowa m'chipinda mwawo sakuopani. Tipezereni pomwe adabisa, nawonso apumule."

Apa ndi pamene pali nkhani yanga, owerenga anzanga, ndipo sindiikamba monyadira. Ndidali ndi dipuloma ya ku Domasi m'chikwama. Ndidali munthu woimirira kutsogolo kwa ana kuwaphunzitsa kusiyanitsa mfundo ndi mphekesera. Pamsonkhanopo ndidatsutsa pang'ono, mwaulemu, monga amayembekezera kwa wophunzira. Koma mumtima ndidali nditagonja kale. Chiyambire maliro a mu Disembala aja ndidali nditasiya kupita ndi mwana wanga kwa agogo. Ndinkauza mkazi wanga kuti msewu waterera ndi mvula. Agogo akayesetsa kutchula dzina la mwanayo, malovu akutsika, ndinkawayankha kuti ali ndi chimfine, abwera sabata yamawa. Sindinkakhulupirira kuti agogo anga ndi mfiti. Ndinkangoti: nanga zitakhala zoona? Kafunso kameneko kadakwanira kundisandutsa mmodzi wa owaweruza.

Ndidalowa m'chipindamo masana, mayi anga atapita kumjigo. Pansi pa bedi padali bokosi lamatabwa limene adabwera nalo ku Joni. Ndikulikoka, agogo ankandiyang'ana. Sadayese kulankhula. Pansi pa jekete lakale ndidapeza chitini cha mabisiketi chadzimbiri, chomangidwa ndi mphira wa chubu cha njinga. Nditachinyamula ndidaona msozi ukutsika m'diso lawo lamanzere kulowa m'khutu. Ndidatuluka nacho osawayang'ananso.

Tidachitsegula pabwalo, anthu ataima chapatali ngati muli njoka. Pamwamba padali khadi la Wenela ndi mapepala oonetsa kuti adagwira ntchito kumgodi mpaka 1975, kutanthauza kuti nkhani ya ndege ija idali yongopeka. Padali chithunzi cha agogo aakazi ali mtsikana. Padali mapepala a malonda a fodya a ku Kanengo ndi ku Chinkhoma, osanjidwa chaka ndi chaka. Pansi pake padali mpukutu wa malisiti omangidwa ndi ulusi. Nditamasula ndidaona dzina langa. Adali malisiti a fizi yanga, teremu iliyonse kuyambira Folomu 1 mu 2004 mpaka Folomu 4 mu 2007, palibe ndi limodzi lomwe losowa. Bambo anga adamwalira ndili ku pulayimale, ndipo ndinkadziwa kuti agogo "amathandizako". Sindinkadziwa kuti ankalipira zonse, kapena kuti timapepalato adatisunga pamodzi ndi chithunzi cha mkazi wawo.

Ndinene zoona zonse: njirisi idalimo. Kansalu kakuda kosokedwa mbali zonse, kochepa ngati bokosi la machesi. Mayi anga, amene adafika tili mkati, adati akukadziwa. Agogo adapatsidwa ndi mayi awo popita ku Joni kuti miyala ya mumgodi isawagwere. Palibe adawamvera. Mwini mbumba adakatola ndi timitengo tiwiri n'kukaponya pamoto, anthu n'kupuma mwamphamvu. Adati dzuwa la mawa saliona.

Agogo adakhalanso masabata asanu. Mukuganiza kuti anthu adachita manyazi? Ayi. Adati ilipo ina, yaikulu, imene adakwirira kwawo ku Dowa. Ndi pamene ndidazindikira kuti mlandu woterewu ulibe khomo lotulukira. Akadafa usiku womwewo, akadati taonani. Atakhala moyo, adatinso taonani. Adamwalira m'mawa wina mu Malichi 2019, mayi anga akuwapukuta kumaso. Mwana wanga sadamuonenso.

Patapita miyezi ndidakamba zonsezi ndi mnzanga wa ku sekondale amene tsopano ndi namwino. Adandimvetsera mpaka kumapeto, kenaka adandimasulira chimodzichimodzi. Sitiroko imachitika mtsempha wa magazi wa mu ubongo ukatsekeka kapena kuphulika. Imatha kupha mbali ya thupi n'kusiya mtima ndi mapapo zikugwira ntchito kwa miyezi ngakhale zaka. Zilonda zija si kuola kwa wokhwima. Munthu akagonera malo amodzi nthawi yaitali, magazi safika bwino pakhungu lopanikizika ndi fupa, ndiye khungulo limafa. N'chifukwa chake achipatala amalangiza kutembenuza wodwala pafupifupi maola awiri aliwonse. Kupuma kosiyasiya kuja nakonso n'kodziwika, kuli ndi dzina lochokera kwa madokotala awiri akale, John Cheyne ndi William Stokes: wodwala kwambiri amapuma mwamphamvu, n'kumachepetsa, n'kusiyiratu kwa kanthawi, kenaka n'kuyambiranso. Kunena za malungo a mwana mu Disembala, adangondifunsa kuti ndi dzinja liti limene mudzi wathu sudaikepo mwana.

Ndidamufunsa kuti nanga bwanji adakhala miyezi isanu ndi iwiri, pomwe ena odwala chimodzimodzi satha mwezi. Adati: "Amene ankawasamala ankawasamala bwino." Nsupa imene tinkaifuna pansi pa bedi ija idali mayi anga, ndi supuni yawo ndi beseni lawo. Mudzi udaona chikondi cha mwana kwa bambo ake n'kuchitcha ufiti, ndipo ine ndidathandiza nawo.

Tsono mumvetsa chifukwa chake tsamba lija la Monster Manual lidandigwira pakhosi. Nditafufuza pambuyo pake ndidapeza kuti nthano ya munthu wobisa moyo wake kunja kwa thupi ili ponseponse. Ku Russia amakamba za Koschei wosafa, amene imfa yake idali mu singano, singanoyo mu dzira, dziralo mu bakha, bakhayo mu kalulu, kaluluyo m'bokosi lokwiriridwa pansi pa mtengo pachilumba. Amene adawerenga kapena kuonera Harry Potter akumbukira Voldemort, amene adang'amba mzimu wake n'kuubisa m'zinthu zosiyanasiyana, ndipo kuti chidutswa chilichonse ching'ambike pankafunika kupha munthu. Anthu amene sadaonanepo, a zinenero zosiyana, adafika pa mfundo imodzi: wokana imfa yake amalipira ndi moyo wa ena, ndipo chimene amapeza pamapeto si moyo.

Mfundo imeneyi ndi yoona, ndipo sindikufuna kuti tiitaye. Kuno kwathu taona ndi maso anthu amene amakhulupirira kuti magazi a mnzawo angawagulire chuma. Kuyambira mu 2014 abale athu achialubino akhala akubedwa, kuphedwa, manda awo kufukulidwa, ndipo m'makhoti mwapezeka kuti ena mwa ochita zimenezi ndi achibale enieni. Amenewo ndiwo alich athu, ngati tikuwafuna: anthu amphamvu zawo, oyenda ndi zikwanje usiku, amene dyera lawadya mtima. Nthano ya kukhwima idapangidwira kuchenjeza anthu otere. Koma taonani kumene timailoza. Timailoza kwa nkhalamba imene singathe ngakhale kudzithamangitsira ntchentche.

Apa ndi pamene pali kusiyana pakati pa osewera aja ndi ife. Iwo akapeza kabokosi ka lich n'kukaphwanya, amasonkhanitsa madayisi, kutsazikana, aliyense kwawo. Amadziwa pomwe nthano yathera. Palibe amene amachoka patebulopo kukasecha pansi pa bedi la agogo ake. Ife nthano yathu ilibe mawu otsekera. Imatuluka pamoto, kulowa m'chipinda cha wodwala, ndipo nthawi zina imanyamula mpini. Mu Januwale 2016 ku Neno okalamba anayi adaphedwa ndi anthu a m'mudzi mwawo, mphenzi itapha mtsikana wina. Chaka sichitha osamva pawailesi za agogo ena amene amenyedwa pamaliro kapena kuotcheredwa nyumba. Agogo anga sadamenyedwe ndi munthu. Tidangowalanda ulemu, alendo, ndi kamwana kamene kankawamwetulitsa. Sindikudziwa ngati kumeneko kuli kupepuka.

Sindikulemba kuti tikangane ngati ufiti ulipo kapena ayi. Mkangano umenewo sutha, ndipo m'chipinda cha aphunzitsi pasukulu pathu pomwe sitigwirizana. Ndikungokumbutsa ziwiri. Choyamba, lamulo la za ufiti la 1911, limene likugwirabe ntchito, limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo loteteza anthu achikulire. Zimene tidachita pansi pa mtengo wa mango zija zidali zolakwira lamulo, ngakhale tidazitcha nkhani ya banja. Chachiwiri, ngakhale iwe amene umakhulupirira kuti okhwima alipo, dzifunse kuti umboni wako ndi wotani. Ngati umboniwo ndi kukalamba, kudwala nthawi yaitali, zilonda, kuiwalaiwala, kulankhula wekha kapena kusochera usiku, dziwa kuti ukufotokoza matenda amene akudikira tonsefe tikadzakhala ndi mwayi wofika zaka zimenezo. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Mawa lake ndidabweza buku kwa mnyamata uja. Ndidamuuza kuti inde, azungu nawonso ali ndi nthano za okhwima, ndipo zikufanana ndi zathu mpaka kudabwitsa. Adafunsa ngati iwo amazikhulupirira. Ndidati amene adalemba bukuli adalemba kuti anthu asewere, ndipo patsambalo adaikapo manambala oonetsa mphamvu za chilombocho kuti madayisi aweruze. Adakhala chete pang'ono, kenaka adati kwawo kuli agogo ena amene anthu akuwanena. Ndidamufunsa kuti amawatungira madzi ndani. Adati palibe, ana adaletsedwa kupitako.

Sindidamulalikire, poti ndilibe nkhope yolalikira nayo. Ndidangomukambira za chitini cha mabisiketi, monga ndakukambirani inu. Sabata yotsatira ndidapereka ntchito ku kalasi lonse: aliyense akacheze ndi munthu wachikulire kwambiri m'mudzi mwawo, amufunse za unyamata wake, alembe tsamba limodzi. Makolo awiri adabwera kudzadandaula kwa ahedi. Ana ena onse adalemba, ndipo mwa zimene adabweretsa mudali nkhani za njala ya 1949, za thangata, za ulendo wapansi wopita ku Halale, zinthu zimene sizili m'buku lililonse m'kachipinda kathu kaja. Mnyamata uja adalemba masamba anayi. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma dambo limene anthu aliopa limauma lokha popanda womwapo.

Chitini chija ndili nacho, chili pamwamba pa kabati. Mwana wanga, amene tsopano amatha kuwerenga, adachitsitsa tsiku lina n'kuyamba kutchula mokweza zimene zidalembedwa pa malisiti: dzina langa, teremu, chaka. Adandifunsa kuti adasunga zimenezi ndani. Ndidamuuza kuti ndi agogo amene ankamukonda kwambiri. Adafunsa ngati adawaonapo. Ndidati inde, kambirimbiri, uli wamng'ono. Tsiku lina akadzakula ndidzamuuza chifukwa chake adasiya kuwaona.

Pempho langa kwa inu owerenga ndi laling'ono. Ngati m'mudzi mwanu muli wodwala amene wakhalitsa pamphasa ndipo anthu ayamba kunong'ona, musadikire msonkhano wa pansi pa mtengo. Pitani mukamuone. Nyamulani sopo, mukathandize womusamalayo kumutembenuza, mufunse achipatala za zilondazo. Ndipo ngati muli ndi mwana amene wodwalayo amamukonda, mutengeni.